Moto wa Manja Anayi

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinali pomwepo, ndipo zipsera zake zili m'zikhatho mwangamu. Wokayika akafunse mwamuna wanga, mphunzitsi wa masamu, munthu amene savomera kanthu asanawerengere kawiri. Akafunsenso mlonda wa nkhalango amene anatipeza m'mawa mwake. Akadali moyo, ndipo mpaka lero akafika pa kanyumba ka miyala kaja amayamba wagogoda, ngakhale akudziwa kuti mulibe munthu. Bambo anga okha musawafunse. Anayankhulapo kamodzi, kwa ine ndekha, ndipo zomwe ananena ndizilemba kumapeto.

Ndinakulira m'sitolo ya bambo, yogulitsa katundu wa anthu okagona kutchire ndi kumapiri. Matenti opindidwa m'mashelefu, zikwama zakumsana zolendewera kudenga ngati mileme, zingwe, matochi, mipeni, ndi fungo la lona losatha m'zovala. Kuseri kuli makina osokera, kumene ndimakonza mazipi ndi kuika zigamba. Kale bambo anali wolondolera alendo m'phiri. Kuseri kwa kauntala kunali chithunzi chawo ali mnyamata, atakoleka dzanja paphewa la mnyamata wina wamtali, woseka mano onse panja. Ndikafunsa ankangoti, "Mnzanga wa ntchito," n'kuyamba kupukuta pamalo popanda fumbi.

Ana ena anaphunzitsidwa kupalasa njinga. Ine ndinaphunzitsidwa moto. Machesi oviikidwa mu sera kuti asanyowe. Kachitsulo kothetheka ukakakwecha ndi msana wa mpeni. Thonje lopaka mafuta odzola, loyaka nthawi yaitali ngakhale pamphepo. Galasi loyatsira moto ndi dzuwa. Ndipo lamulo lalikulu la bambo linali ili: moto usamausunge m'thumba limodzi. Wina m'chikwama, wina m'thumba la jekete, wina pakhosi.

Chomaliza, chimene ndimanyadira kuposa zonse, chinali kupekesa. Kamtengo kowongoka, kathabwa kofewa kokhala ndi kamng'alu m'mphepete, ndi zikhatho basi. Koma bambo sankalola kuti ndipekese ndekha.

"Taona," ankatero tikagwada kuseri kwa sitolo. "Manja akamapekesa amatsika. Akafika pansi, uyenera kuwakwezanso pamwamba. Kanthawi kameneko kamtengo kamaima, kutentha n'kuthawa. Kukatentha ungapambane wekha. Koma kukazizira, kukanyowa, munthu mmodzi angosupuka manja pachabe. Moto uwu ndi wa anthu awiri. Wina akamafika pansi, wina wayamba kale pamwamba."

Ndiye tinkagwada moyang'anana. Manja anga akayandikira pansi ndinkati, "Landirani." Awo akayandikira pansi ankati, "Landira." Kamtengo sikankaima. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ndinkatulutsa nawo khala madzi a tiyi asanawire, makasitomala n'kumaomba m'manja.

Zinthu ziwiri zokha sindinkazimvetsa. Tsiku langa lobadwa bambo ankatseka sitolo masana, n'kukhala pampando osadya. Ndipo kuphiri ndinkaloledwa kupita kulikonse, kupatula ku kanyumba ka miyala kapamwamba, kothawiramo anthu mvula ikawapeza. Ine chitseko chotseka chimandiitana. Ndinabadwa choncho.

Mphunzitsi uja anabwera koyamba kudzagula katundu wa ulendo wa ana asukulu, atavala jekete ya mazipi khumi ndi imodzi. Bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Aphunzitsi, mukupita kuphiri kapena kumwezi?"

Kuyambira pamenepo dzina lake linali a Zipi. Ndipo jekete ija inayamba kuwonongeka mlungu uliwonse. Ankaibweretsa kuti ndikonze zipi yosafa, ine n'kupeza kakalata m'thumba lachisanu ndi chiwiri. Yankho ndinkaliika m'thumba lachitatu. Miyezi isanu ndi itatu tinayendetsa chibwenzi m'matumba a jekete, bambo ali pa kauntala akung'ung'udza kuti mazipi a masiku ano ndi achabechabe.

Nditatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi awiri ndi zinayi, Zipi anandifunsa mphatso yomwe ndinkafuna. Ndinati ndikufuna kuona dzuwa likutuluka ndili pa kanyumba ka miyala. Bambo ndinawanamiza kuti tikupita ndi gulu la aphunzitsi kukagona kumunsi, pa dambo. Kachitini kanga ka zoyatsira moto ndinakasiya pashelefu dala, chifukwa akanaona kuti palibe akanadziwa kuti ndikukwera patali.

"Usadandaule," anatero Zipi tili m'njira, akunditsegulira kathumba kofiira. "Laita ziwiri. Machesi a sera. Kachitsulo kanu kaja. Thonje. Njira zisanu, mayi. Bambo ako akanandipatsa mendulo."

"Akanakupatsa mbama. Zonse m'kathumba kamodzi?"

"Kosalowa madzi. Ndinawerenga papepala lake."

Ndinaseka, n'kumusiya akabwezere m'chikwama chake. Chikondi chimagonthetsa makutu. Lamulo ndinkalidziwa ngati dzina langa, koma ndinkayang'ana mmene dzuwa linkawalira pamagalasi ake.

Tinakwera m'mawa wonse tikuseka. Masana mbalame zinakhala chete. Nkhungu inatsika m'mitengo ngati nsalu yonyowa, kenako mvula, yopyapyala koma yolasa ngati singano. Kubwerera kunali kutali kuposa kupitirira. Panatsala mtsinje umodzi wokha.

Ndinawoloka ine poyamba. Iye ali pakati, mwala unagudubuka. Ndinangoona miyendo m'mwamba, madzi n'kumumiza. Anavumbuluka kumunsi atakolekedwa pamuzu, chikwama chikumukokera pansi.

"Masula! Masula lamba!"

Anamasula. Chikwama chinapita chikuzungulira, ndi tenti, ndi sitovu ya gasi, ndi njira zisanu zija. Ndinamuponyera chingwe n'kumukoka mpaka pamtunda. Milomo yake inali itachita kale bii.

Tinafika pa kanyumba kukuda. Chitseko chinali chongokankha. Makoma a miyala, denga la malata, benchi imodzi yothyoka mwendo, ndi malo osonkhapo moto pakati, ozizira ngati manda. Ndinafufuza pazenera, m'ming'alu, pansi pa benchi. Machesi panalibe. M'chikwama changa munali mpeni, chingwe china cha khonje chouma, tochi, chakudya pang'ono, ndi thumba logonamo limodzi.

Ndinamuvula zonyowa n'kumulowetsa m'thumbamo. Mano ake ankagundana ngati makina anga osokera.

"Bambo ako akadziwa kuti wandivula," anatero mawu akudukaduka, "andisoka pakamwa."

"Khala chete. Uzinjenjemera basi."

Pakuti bambo ankati: munthu akamanjenjemera akadali wako. Akasiya, ndiye kuti wauyamba ulendo.

Ndinamukumbatira kuti ndimugawireko kutentha, koma nanenso ndinalibe kochuluka. Mvula inkagunda malata. Mphepo inkalira pansi pa chitseko. Ndinkamufunsa masamu kuti asagone. Seveni kuchulukitsa ndi eyiti. Anayankha. Naini kuchulukitsa ndi sikisi. Anaganiza nthawi yaitali.

"Mawa," anatero. "Ndiwayankha mawa anawo."

Kenako thupi lake linakhala bata. Kunjenjemera kunatha. Anati akumva kutentha, ndimutsegulire zipi.

Ndi pamene ndinamva fungo. Fungo la mtengo wowauka, lakuthwa, lotsekemera pang'ono. Aliyense amene anapekesapo amalidziwa. Limabwera utsi usanaoneke.

Mvula inalekeza kamodzin'kamodzi, ngati munthu watseka mpopi. M'kachetechetemo munali phokoso lina.

Shwii, shwii, shwii, shwii. Zii.

Linkachokera pakona.

Shwii, shwii, shwii, shwii. Zii.

Ndinalidziwa. Kamtengo m'zikhatho. Manja akutsika, akutsika, n'kuima kuti akwerenso. Munthu wopekesa yekha.

Ndinawalitsa tochi. Pakona panalibe kanthu. Miyala basi, ndi ukonde wa kangaude. Koma pamwamba pake, pamtanda wa denga, panali kamtolo komangidwa ndi chingwe chakuda ndi ukalamba. Ndinakwera pabenchi n'kukatsitsa. Kamtengo kowongoka, ndi kathabwa. Zouma gwaa. Pakathabwapo panali timaenje tisanu ndi kamodzi, tonse takuda, ndipo timing'alu take tinadulidwa mopendekera kumanzere.

Munthu mmodzi yekha ndinkamudziwa wodula choncho. Ndi amene anandiphunzitsa.

Sindinadzipatse mpata woopa. Ndinathyola benchi, n'kusema timapalipali topyapyala. Chingwe cha khonje ndinachimasula ulusi umodziumodzi, n'kuupota ngati chisa cha mbalame. Ndinadula kamng'alu katsopano, n'kuika tsamba louma pansi pake. Tochi ndinaiika pamwala. Inali itayamba kufiira.

Ndinagwada, ndinaponda kathabwa, ndinayamba.

Koyamba fumbi linatuluka lofiirira. Losakwanira. Kachiwiri linada, kautsi n'kudzuka. Manja anafika pansi, ndinawakweza, kamtengo kanaima, kautsi kanafa. Kachitatu matuza anaphulika. Kachinayi kamtengo kanaterera ndi magazi.

"Zipi," ndinaitana. "Zipi, dzuka undithandize."

Maso ake anali otsegula, koma manja anali ngati nkhuni. Ankapuma patalipatali.

Tochi inazima.

Ndinapukuta zikhatho pa buluku. Ndinafufuza kadzenje ndi chala mumdima. Ndinayambanso, ndikulira, mapewa akuyaka. Manja anatsika. Anatsika. Fungo linabwera. Ndinadziwa kuti ndikangowakweza, zatha, ndipo mphamvu zoyambiranso ndinalibe. Ndipo pakamwa panga, pozolowera zaka zonse zija kuseri kwa sitolo, panayankhula pokha.

"Landirani."

Kamtengo sikanaime.

Manja anga anali pamaondo. Ndinawamva ali pamaondo. Koma shwii, shwii, shwii, patsogolo pangapa, mwamphamvu, mofanana, mwaluso loti sindinalimvepo. Mpweya wozizira unandikhudza pamphumi, ngati wina wagwada moyang'anana nane. Fungo la juzi yonyowa. Phokoso linatsika pang'onopang'ono.

Kenako liwu. Lapansipansi, losasa.

"Landira."

Ndinalandira.

Ndikufuna aliyense wowerenga adziwe zimenezi: sindinathawe, sindinakuwe, sindinachedwe ngakhale pang'ono. Ndinagwira pamwamba nthawi yake yeniyeni, monga ndinaphunzitsidwira. Potsika, zala zanga zinadutsana ndi zala zina. Zinali zazitali. Zinali zozizira ngati chitsulo cha pachitsime.

"Landirani."

"Landira."

"Landirani."

Utsi unandilowa m'maso. Wochuluka, wowawa.

"Basi," linatero liwu lija.

Pansi, mumdima, panali kadiso kofiira kangati njere ya mpiru. Ndinakanyamula ndi tsamba, n'kukaika m'chisa cha khonje. Ndinauzira pang'onopang'ono, monga mouzira m'diso la mwana. Kanakula. Chisa chinalira, n'kuphulika lawi.

Ndinasonkha timapalipali, kenako zazikulu. Ndinamukokera Zipi pafupi, n'kutenthetsa miyala, kuikulunga m'malaya n'kumuika m'khwapa. Sindinayang'ane kutsidya kwa moto mpaka nditamaliza.

Kunalibe munthu. Koma lawi lonse linkawerama kulozera kumeneko, ngakhale mphepo inkachokera komweko. Ndipo pamalo opanda kanthupo pankakwera nthunzi, monga imakwerera pa zovala zonyowa munthu akamaotha.

Tinakhala choncho. Nkhuni zinkathetheka. Madzi ankadontha pakhonde.

"Mwana wabadwa?"

Linali liwu lija, kutsidya kwa moto.

"Mwana wa ndani?" ndinafunsa.

"Wa mnzanga. Mnzangayo anatsika phiri dzulo."

Chithunzi cha pa kauntala. Sitolo yotsekedwa masana. Timing'alu topendekera kumanzere. Zonse zinandifikira pamodzi, ngati madzi a mumtsinje muja.

"Anabadwa," ndinanong'ona. "Wamkazi. Ndine."

Kenako kuseka kwapansipansi, kwa munthu wotopa amene wakhala pansi.

"Manja ndi a bambo ako."

Nthunzi ija inapitirira kukwera mpaka pakati pa usiku, kenako inachepa, kenako inatha. Lawi linaimirira mowongoka.

Pambali panga china chake chinagwedezeka. Zipi anali atayambanso kunjenjemera. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati mano aja akugundana.

"Fifite-folo," anatero.

"Chiyani?"

"Naini kuchulukitsa ndi sikisi." Anapuma. "Amene unali nayeyu ndani?"

"Unamuona?"

"Khala lisanayake... ayi. Mdima unalipo. Koma ndinamva anthu awiri. Ndipo moto utayaka, panali zithunzithunzi zitatu pakhoma." Anatseka maso. "Ndinawerenga kawiri."

Kutacha anandiuza kuti ndipise m'jekete yake, thumba lachisanu ndi chiwiri. Munali mphete, yokulungidwa m'kapepala konyowa. Zoyatsira moto zonse anaziika m'chikwama, koma mphete anaisunga pathupi. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru. Ndinamuuzanso kuti inde. Mpheteyo inakana kulowa chifukwa zala zinali zitatupa, ndiye ndinaimangirira pakhosi ndi ulusi wa khonje wotsala.

Mlonda wa nkhalango anafika dzuwa litakwera, ataona utsi. Anationa, anaona phulusa, kenako anatola kamtengo kaja. Pakati pake panali magazi anga, atauma kale. Pamwamba pake panali ena, a chikhatho chachikulu kuposa changa, akadali anyowa. Kutsidya kwa moto, pafumbi, panali timaenje tiwiri ta maondo. Mlondayo anavula chipewa. Kenako anatiperekeza kutsika phiri.

Bambo tinawapeza ataima pakhomo la sitolo, kachitini kanga kali m'manja. Sanagone. Ndinkayembekeza mkuntho. Anangondigwira manja n'kuwatembenuza. Anayang'ana zikhatho nthawi yaitali.

"Wekha?"

"Ayi, bambo."

Anamuyang'ana Zipi. Zipi anapukusa mutu.

Anandilowetsa kuseri, kwa makina osokera, n'kutseka chitseko. Ndinawapatsa kathabwa kaja. Anakhala pansi.

"Tinali awiri," anatero. "Phiri lonse linkatidziwa. Ngakhale timing'alu tinkatidula mofanana. Machesi sitinkanyamula, mwana wanga. Tinkati machesi ndi a alendo. Mvula, chisanu, ife tikagwada awiri khala linkatuluka, anthu n'kumatijambula. Tsiku limenelo tinakwera kukakonza denga la kanyumbako. Uthenga unatipeza woti mayi ako matenda ayamba. Iye anati, thamanga, ndimaliza ndekha, mawa udzandiuze ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ndinathamanga. Sindinaganize n'komwe. Usiku umenewo kunagwa chisanu chimene sichinaonekepo. Iwe unabadwa mbandakucha." Anasisita timaenje takuda tija ndi chala. "Ndinamupeza atagwada. Kasanu ndi kamodzi anayesa. Zikhatho zinalibe khungu. Kamtengo ndi kathabwa ndinazimanga ndine n'kuzisiya pamtanda. Bokosi limodzi la machesi, mwana wanga. Limodzi lokha."

Ndinawauza zonse. Za fungo, za zala zozizira, za funso lija. Nditafika pa mawu omaliza aja, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Mwina zonse.

"Sunachedwe kulandira?" anafunsa pomaliza.

"Ngakhale kamodzi."

Anagwedeza mutu. "Ankadana ndi wochedwa."

Atatuluka anamupeza Zipi ataima pa kauntala ngati mwana woyembekeza chikwapu. Anayang'ana mphete pakhosi panga. Anatsegula kabati, natenga mabokosi atatu a machesi, n'kumuika m'matumba atatu osiyana a jekete, akutseka zipi iliyonse okha.

"Mazipi khumi ndi imodzi, aphunzitsi, moto m'thumba limodzi. Masamu ake ndi ati amenewo?"

"Ndalakwa, bambo."

"Ndipo makalata muzilemba zilembo zazikulu. Maso anga anatha ndi tizilembo tanu tija."

Chaka chino takwanitsa zaka zitatu m'banja. Tsiku langa lobadwa bambo satsekanso sitolo, ndipo amadya mpaka kupempha zina. Ku kanyumba kuja tinaikako chitini cha machesi pamtanda wa denga, ndipo mlonda amati alendo amachigwiritsa ntchito. Phokoso la pakona lija sanalimvenso wina aliyense.

Sitolo ndikuyendetsa ndine tsopano. Loweruka lililonse ndimaphunzitsa anthu moto kuseri, ndipo akaona zipsera zanga amafunsa. Ndimawauza kuti ndinapekesapo ndi katswiri woposa onse m'phiri lija, ndipo anandiyamikira. Sindinama.

Koma pali chimodzi. Mwezi watha ndinatsala ndekha madzulo, ndikuyesa kathabwa katsopano. Bambo anali ataweruka, mwamuna wanga akuchonga mayeso kunyumba. Manja anatsika, anatsika, fungo linabwera, ndipo liwu lija loti "Landirani" linafika pamilomo. Ndinaliluma. Ndinakweza manja ndekha, kautsi n'kufa.

Sikuti ndinkaopa kuti palibe amene ayankhe.

Pamphumi panga panali patayamba kale kuzizira.